Kodi katundu wakunja amene wadzaza m'misika ya m'chigwa cha Shire timukhulupirire mpaka pati?

Nabanda_waBangula:
Abale ndi alongo a m'gulu lino, ndabwera ndi funso limene lakhala likundisowetsa mtendere. M'misika ya Bangula, Ngabu, Nchalo ndi pa boma la Nsanje, zambiri zimene tikugula masiku ano si zopangidwa kuno: mafuta ophikira a m'zigubu zachikasu, supageti, mabisiketi, zakumwa zaufa zosungunula m'madzi, nsomba za karapau, sopo, ngakhale mchere umene. Zambiri zalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo zina zili ndi zilembo zimene sitingathe n'kuzitchula komwe. Amayi anzanga agawikana pawiri. Ena amati chochokera kunja n'chabwino kuposa chathu chifukwa chapangidwa m'mafakitale akuluakulu, pamene ena amati akunja amatitumizira zotsalira zimene eni akewo sangadye. Ine ndili ndi ana aang'ono, choncho ndikufunsa: kodi alipo amene amayeza zinthu zimenezi zisanafike pa benchi ya wogulitsa? Nanga ife ogula tingazindikire bwanji chabwino ndi choipa?

Chiromo77:
Mayi, yankho lake n'lachidule. Palibe amene amayeza katundu wowoloka pa bwato usiku.

Mphunzitsi_waNgabu:
Achimwene a ku Chiromo anena mbali imodzi yoona, koma funso la mayi Nabanda likufunika yankho lathunthu. Bungwe loyeza katundu lilipo, ndilo Malawi Bureau of Standards (MBS), limene linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili ku Blantyre. Katundu wolowa m'dziko kudzera pa zipata zikuluzikulu monga Mwanza, Dedza ndi Songwe amayenera kuonedwa ndi bungweli, ndipo zakudya zina amatengako pang'ono kukaziyeza. Mankhwala a m'chipatala amayang'aniridwa ndi bungwe la PMRA, mankhwala ophera tizilombo ali ndi bungwe lawolawo ku Bvumbwe, ndipo wogula amene wanamizidwa akhoza kukadandaula ku bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC kapena ku bungwe loimira ogula la CAMA.

Vuto lathu kuno kumunsi ndi malo amene tikukhala. Nsanje yazunguliridwa ndi Mozambique pafupifupi mbali zonse, mtsinje wa Shire ndiwo malire kuyambira ku Chiromo kutsikira kumwera, ndipo chipata cha Marka sichingaone aliyense wodutsa pa njinga, pa bwato kapena wapansi. Motero katundu wakunja ali m'magulu awiri, wina wodutsa pa chipata ndi zikalata, wina wodutsa m'madulira. Pa benchi ya wogulitsa onsewa amaoneka chimodzimodzi.

WogulitsaPaMarka:
Ndikupempha kuti tisayambe ndi kuwaona ogulitsa ngati achiwembu. Ine ndili ndi okala, ndipo zimene ndimagulitsa ndi zomwenso ana anga amadya. Anthu a tsidya lina la malire ndi abale athu enieni, timalankhula nawo Chisena chimodzi, timakwatirana, timakumana pa maliro. Mafuta amene tikuwakayikirawa ndi omwe akuphikira mabanja a ku Mutarara, ku Tete ndi ku Beira. Kodi iwowo akufa nawo? Komanso Mozambique ili ndi lamulo lake, la mu 2016, lokakamiza kuika michere yowonjezera m'mafuta, shuga ndi ufa, monga momwe zilili kwathu kuno. Katundu wochokera ku Blantyre akamafika ku Marka amakhala atakwera mtengo chifukwa cha ulendo wautali, pamene wa tsidya lina ali pafupi. Wogula akafika pa okala amayamba wafunsa mtengo, ndipo ndi ochepa kwambiri amene amatembenuza paketi kuti aone tsiku lothera ntchito.

Chiromo77:
Bambo, ngati katundu wanu ndi wabwino chotero, n'chifukwa chiyani ambiri mwa anzanu amaopa kudutsa naye pa chipata masana?

WogulitsaPaMarka:
Chimene amathawa ndi msonkho, achimwene, osati kuyezedwa. Sindikuvomereza kuzembetsa, koma zinthu ziwirizi tisazisakanize.

Namwino_waTengani:
Ndikufuna kuikapo mawu monga munthu amene amaona ana odwala tsiku ndi tsiku. Bambo a ku Marka akunena zoona kuti mafuta a ku Mozambique si poizoni. Komabe chinthu chikhoza kutuluka m'fakitale chili chabwino n'kufika m'mbale mwathu chitawonongeka, ndipo chigwa chathu chino chimawononga zinthu msanga kuposa madera ena. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40. Vitamini A amene amaikidwa m'mafuta ophikira amatha mphamvu mafutawo akakhala padzuwa m'botolo loonekera mkati, ndipo mafuta okhalitsa pamalo otentha amayamba kununkha ndi kuwawa. Ayodini wa mumchere nayenso amachepa mchere ukamayanikidwa poyera, pa chinyezi ndi padzuwa, chonsecho ayodini ndiye amateteza ku chithokomiro ndi kuthandiza ubongo wa mwana kukula bwino akadali m'mimba. Lamulo lakuti mchere wogulitsidwa ukhale ndi ayodini tili nalo kuyambira zaka za m'ma 1990, koma mchere wamibulu umene umagulitsidwa pa mulu, wochokera m'matumba opanda dzina, palibe angautsimikize popanda kuuyeza.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi nsomba ndi nkhuku zouma ndi chisanu. Karapau amachokera kutali kunyanja yamchere, ndipo amayenera kukhala wozizira ulendo wonse. Magetsi akathima firiji imasungunuka, akayaka nsomba imaumanso, ndipo pofika masana yaikidwa m'beseni pamsika ntchentche zili ng'waa. Nsomba yotereyi ikatsegula m'mimba mwa mwana, cholakwa sichikhala cha dziko limene inachokera ayi, koma cha njira imene yayenda.

Nabanda_waBangula:
Zikomo anamwino. Koma tsono ife ambiri sitigula botolo lathunthu. Timagula mafuta oyeza a m'timachubu, shuga wa m'timapepala, mchere wa pa mulu. Chigubu chimene mafutawo achokera sitichiona n'komwe. Nanga tsiku lothera ntchito tiliwerenga pati?

Mphunzitsi_waNgabu:
Mayi Nabanda, apa ndiye mwagunda pamene pali nkhani yonse. Malangizo amene timamva pa wailesi, akuti tiziwerenga zolembedwa pa paketi ndi kuona chizindikiro cha MBS, amathandiza munthu amene ali ndi ndalama yogulira paketi yosatsegula. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabanja ambiri amene kale ankagula botolo la lita anabwerera ku mafuta oyeza. Chitetezo chonse chimene lamulo linaika pa chikuto chimathera m'manja mwa wogulitsa amene watsegula chigubucho. Iye yekha ndiye akudziwa dzina la mafutawo, tsiku lake, ndiponso ngati wasakanizamo ena. Ngakhale shuga wa ku Nchalo kwathu konkuno, amene anayamba kuikidwa vitamini A mu 2012, akangothiridwa m'kapepala kopanda dzina simungamusiyanitse ndi shuga wina aliyense. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kukangana zakuti chakunja kapena chakwathu kumatisocheretsa. Funso lothandiza ndi lakuti, kodi chinthuchi tingachilondole kumene chachokera, ndipo alipo amene angayankhe mlandu chikapweteka munthu?

MwanaWaMbewe:
Pepani aphunzitsi, koma ine sindikugwirizana nanu pamene mukuchepetsa nkhani ya kumene katundu wachokera. Zoopsa zazikulu zimene tamva zaka zapitazi zinachokera m'mafakitale akunja, m'mapaketi otsekedwa bwino, olembedwa bwino. Mu 2008 ku China mkaka waufa wa ana unapezeka ndi mankhwala a melamine, ana 6 anamwalira ndipo pafupifupi 300,000 anadwala. Mu 2017 ndi 2018 ku South Africa matenda a listeriosis anagwira anthu oposa 1,000 ndi kupha oposa 200, ndipo gwero lake linapezeka kuti linali poloni wa fakitale ina ya ku Polokwane. Dziko lathu linachita kuletsa nyama zoterezi mu Malichi 2018, katunduyo ali kale m'mashelefu a masitolo. Mu 2022 ku Gambia ana pafupifupi 70 anamwalira impso zitawonongeka atamwa mankhwala a chifuwa ochokera ku India, mpaka bungwe la WHO linachenjeza maiko onse. Zinthu zonsezi zinali ndi dzina, tsiku ndi chikuto chokongola. Tsono musatiuze kuti chikuto ndicho chitetezo.

Namwino_waTengani:
Zimene mwatchulazi n'zoona zonse, achimwene, ndipo ndiwonjezere kuti kachilombo ka listeria kamatha kuswana ngakhale m'firiji, ndipo kamaopsa kwambiri amayi oyembekezera. Koma taonani mmene nkhani zitatuzo zinathera. Chifukwa katunduyo anali ndi dzina ndi nambala, ofufuza anatha kulondola mpaka pa fakitale, anachenjeza anthu, ndipo katundu anachotsedwa m'masitolo. Mwana akadwala ndi mafuta a m'kachubu ogulidwa pa tsiku la msika kwa munthu amene mawa lake ali ku msika wina, tidzalondola kuti? Imfa zoterezi sizilembedwa m'nyuzipepala chifukwa palibe amene amadziwa chimene chachititsa.

MwanaWaMbewe:
Kulondola kumabwera anthu atafa kale, anamwino. Kwa mayi amene waika mwana wake m'manda, zimenezo sizimupindulira kanthu.

Mlimi_waThonje:
Inu mukukamba za zakudya, koma ife alimi a thonje ku Chikwawa kuno tikulira ndi mankhwala a m'munda. M'misika muli mabotolo olembedwa m'Chipwitikizi kapena osalembedwa n'komwe, ena othiridwa m'timabotolo ta zakumwa. Mlimi sadziwa mlingo wosungunulira, sadziwa masiku oyenera kudikira asanathyole masamba kapena tomato amene wapopera. Chaka china ndinagula mankhwala a mbozi kwa wogulitsa wina woyendayenda, ndinapopera monga anandiuzira, koma mbozi zinapitiriza kudya ngati ndathira madzi. Pamene ndinkabwerera kukadandaula, munthuyo anali atasamuka. Choopsa china ndi mapiritsi ofukizira chimanga, amene amatulutsa mpweya wakupha ndipo sayenera kugwiritsidwa ntchito m'nyumba yogona anthu, koma amagulitsidwa limodzilimodzi ngati maswiti, ndipo anthu amaika m'matumba amene ali kuchipinda kumene ana amagona. Tameki nayenso akupezekabe m'timapepala ngati mankhwala a makoswe. Mankhwala amenewa amathera m'chakudya chathu chomwe, chimene timachitcha chakwathu ndi kuchikhulupirira.

Mphunzitsi_waNgabu:
Bambo a thonje atikumbutsa chinthu chimene okonda zakwathu safuna kumva. Chakudya cholimidwa pakhomo nachonso chimapha. Mu 2004 ku Kenya anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha m'minda yawo chimene chinachita chuku chifukwa chosungidwa chisanaume bwino. Poizoni wa chuku saphedwa ndi moto wophikira, ndipo akamalowa m'thupi pang'onopang'ono amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Ife kuno madzi osefukira amatinyowetsera dzinthu kawirikawiri, monga zinachitikira mu 2015, mu 2019, ndiponso ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Chimanga ndi mtedza zimene zanyowa n'kuyanikidwanso zikhoza kukhala zoopsa kuposa paketi ya supageti yochokera ku Beira.

Gogo_waMakhanga:
Ana anga, ine ndine wamkulu pakati panu, ndipo mdzukulu wanga ndiye akundilembera. Kukayikira chakudya chakunja sikunayambe lero. Pa chilala cha 1992 tinalandira chimanga chachikasu, ndipo anthu ankanena zambiri, ena amati n'chakudya cha ziweto, ena amati chimaletsa kubereka. Tinadya, tinapulumuka, ndipo ana anabadwa. Pa njala ya 2002 kunabweranso chimanga cha ku America chimene akatswiri anachisintha chibadwa. Dziko la Zambia linachikana, koma lathu linachilandira pogwirizana kuti chiyambe chagayidwa kuti anthu asachibzale. Munthu amene wakhala masiku akudya nyika za m'dambo safunsa kumene thumba la ufa lachokera. Chimene ndikupempha n'chakuti amene amatilandirira zinthuzi m'malo mwathu, a boma ndi a mabungwe, aziyeza moona mtima, chifukwa wanjala alibe mphamvu yokana.

Nabanda_waBangula:
Zikomo agogo, mawu anu ndawamva. Nanga za mpunga wapulasitiki zimene zimayenda pa WhatsApp, zimene amati umachokera ku China, n'zoona?

Mphunzitsi_waNgabu:
Nkhani imeneyo inamveka kwambiri mu Disembala 2016 pamene a kasitomu a ku Nigeria analanda matumba a mpunga amene ankawaganizira. Atauyeza sanapezemo pulasitiki, koma anapeza kuti unali ndi tizilombo tochuluka moti sunali woyenera kudyedwa. Mpunga uliwonse wokhala ndi sitachi wambiri ukaphikidwa n'kuumbidwa umatha kudumpha ukaponyedwa pansi, ndipo makanema a pa WhatsApp aja amangoonetsa zimenezo. Chimene chimandipweteka n'chakuti mphekesera zoterezi zimatenga mantha athu onse, pamene zinthu zoopsadi, monga mafuta oyeretsa khungu okhala ndi mercury kapena hydroquinone amene atsikana athu akudzola, timaziyang'ana osachita nazo mantha.

Naphiri_waNchalo:
Pa mafuta oyeretsa khungu ndikuvomereza, aphunzitsi, ndipo ndiwonjezere makapisozi ndi mapiritsi amene amagulitsidwa pa benchi limodzi ndi sopo ndi machesi, atakhala padzuwa tsiku lonse. Koma ndikufuna kunenanso za ife ogula. Timanyoza katundu wa ku China kuti ndi wosalimba, chonsecho tikafika pa sitolo timasankha tchaja, tochi kapena batire la sola lotsika mtengo kuposa onse. Amalonda amene amakaoda katundu amadziwa zimenezi, ndipo amabweretsa za mtengo umene tingakwanitse. Dziko lomwelo limapanganso katundu wolimba amene amagulitsidwa m'maiko olemera. Ndinaona nyumba ya mnansi wanga itatsala pang'ono kupsa chifukwa cha chingwe chamagetsi chopyapyala chimene chinasungunuka usiku. Sindikumuweruza, chifukwa ndalama ya chingwe chabwino analibe, koma katundu wamagetsi wotere sayenera kuloledwa kulowa m'dziko n'komwe, pakuti wogula sangaone kukula kwa waya amene ali mkati.

Chiromo77:
Ndiye njira yake ndi kutseka basi. Boma linachita bwino mu Malichi 2025 poletsa kuitanitsa ufa wa chimanga, mpunga, mkaka, uchi, chiponde, mazira ndi masoseji. Likanawonjezera ndi zina zonse.

WogulitsaPaMarka:
Achimwene, chiletso chimenecho cholinga chake chinali kusunga ndalama zakunja ndi kuteteza opanga katundu a m'dziko muno, sichinanene kuti zinthuzo n'zoipa pa thanzi. Munaonanso kuti dziko la Tanzania linabwezera mu Epulo potseka katundu wathu, mpaka maboma awiriwa anachita kukhala pansi. Kuno kumalire chiletso chikabwera katundu sasiya kulowa, amangosiya kudutsa pa chipata. Kumbukirani mowa wa m'masacheti umene unaletsedwa mu 2015, kodi mowa waukali wotsika mtengo unatha m'misika? Unangosintha chotengera. Mukatseka chipata mumachotsa malo okhawo amene katundu akanaonedwa.

MwanaWaMbewe:
Mfundo imeneyo imakomera amalonda nthawi zonse. Kodi tileke kukhazikitsa malamulo chifukwa chakuti alipo owaphwanya? Ndondomeko ya Buy Malawi inakhazikitsidwa mu 2016 kuti tizigula zathu, ndipo kuno tili ndi nzimbe, chitowe, mapira, mchewere, nsomba za makakana ndi milamba, ng'ombe ndi mbuzi zochuluka kuposa maboma ambiri. N'zomvetsa chisoni kuti chitowe chathu chimatuluka m'chigwa muno chosayengedwa, ife n'kumagula mafuta amene sitikudziwa kumene achokera.

Naphiri_waNchalo:
Zimenezo n'zoona, achimwene, koma mayi wa ana asanu sangadikire fakitale yoyenga chitowe kuti aphike ndiwo za lero.

Namwino_waTengani:
Ndibwerere ku funso la mayi Nabanda, chifukwa iwo akufuna chochita mawa pamsika. Pogula mafuta oyeza, pemphani kuona chigubu chimene akuchokera, ndipo gulani kwa munthu wokhazikika amene mudzamupezanso sabata yamawa, makamaka amene amasunga mafuta ake pamthunzi. Pa katundu wa ku Mozambique tsiku lothera ntchito limalembedwa pafupi ndi mawu akuti "validade" kapena "val", ndipo ngati manambala ake akuoneka ofufutidwa kapena omatidwa kapepala kena pamwamba, musagule. Chitini chotupa, chadzimbiri kapena chophwanyika m'mphepete chisiyeni ngakhale atachitsitsa mtengo motani. Mchere gulani wa m'paketi yolembedwa kuti uli ndi ayodini, ndipo kunyumba muuike m'chotengera chotseka, kutali ndi moto. Nsomba youma ndi chisanu ikhale yolimba gwa, osati yofewa kapena yotuluka madzi amagazi. Mankhwala a mwana musagule pa benchi zivute zitani. Ndipo mwana akadwala mutadya chinthu chimene mukuchikayikira, bwerani nacho kuchipatala chikutocho kapena chotsalacho, ndipo uzani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kumene munagula.

WogulitsaPaMarka:
Pa nkhani yoonetsa chigubu ine ndilibe vuto, ndipo wogulitsa woona mtima aliyense sangakane. Koma ndikupempha a khonsolo amene amatolera ndalama za chiphaso tsiku lililonse la msika kuti atimangire mashedi. Simungatiuze kuti tisunge katundu pamthunzi pamene malo amene mwatipatsa ndi bwalo lopanda ngakhale mtengo umodzi.

Mphunzitsi_waNgabu:
Pempho limeneli n'lomveka, ndipo makomiti a misika ali ndi mphamvu yochitapo kanthu osadikira a ku Blantyre. Akhoza kugwirizana kuti aliyense wogulitsa mafuta, shuga kapena mchere woyeza aziika poyera chigubu kapena thumba limene akutapamo, ndiponso kuti mankhwala ophera tizilombo asagulitsidwe pa mzere umodzi ndi zakudya. Akhozanso kupempha a zaumoyo kuti azibwera ndi timabotolo toyezera ayodini, chifukwa dontho limodzi pa mchere limasintha mtundu pomwepo ngati ayodini alimo.

MwanaWaMbewe:
Ine ndikuonabe kuti mukusenzetsa wogula ndi komiti ya msika ntchito imene ndi ya boma. Amene timawalipira msonkho kuti ayeze katundu afike kuno kumunsi, asamangothera m'masitolo a mu Limbe.

Nabanda_waBangula:
Achimwene a Mbewe, zimene mukunenazo ndikugwirizana nazo, ndipo ngati pali amene angalembe kalata yopita kwa bwanamkubwa ndi kwa phungu wathu, ine ndidzasayina nawo. Pakadali pano wapampando wa komiti ya msika wathu timapemphera mpingo umodzi, choncho ndikamuuza za kuika zigubu poyera ndi za kupatula mzere wa mankhwala. Anamwino, ngati mukudziwa amene amasunga timabotolo toyezera mchere tija ku ofesi ya zaumoyo ya boma lathu, chonde ndiuzeni kuti a komiti akadziwe khomo loyenera kugogoda.